Mabuku a ndakatulo za chilengedwe okhala ndi zithunzi: tiwagwiritse ntchito bwanji ku makalasi a ana aang'ono?

Aphunzitsi a Sitandade 2, Ntcheu

Aphunzitsi anzanga, ndigawireniko nzeru. Pali mabuku 6 a ndakatulo za chilengedwe, aang'onoang'ono koma a zithunzi zokongola: mbalame, mitengo, mvula, mwezi, tizilombo. Mwa amenewa 4 ndi a Chingerezi ochokera kunja, 2 ndi a Chichewa. Kalasi ili ndi ana 110, amakhala pansi, ndipo phunziro ndi la mphindi 30. Buku lokwana m'manja chonchi lingathandize bwanji mwana wa ku mzere wa kumbuyo? Nanga a Chingereziwo timasulire kapena tiwasungire a Sitandade 5?

Alangizi a pa zoni, Dowa

Zikomo amayi pofunsa. Ntchito imayambira pa kusankha, musanalowe n'komwe m'kalasi. M'buku la ndakatulo 20 mwina mupezamo 4 kapena 5 zoyenera ana anuwo, ndipo zimenezo n'zokwanira poyambira. Ku Sitandade 1 ndi 2 tengani ndakatulo ya mizere 4 mpaka 8, mzere uliwonse usapitirire mawu 6, ndipo ikhale ikukamba chinthu chimodzi. Ndakatulo yoyambira pa mvula, n'kulowera ku nyanja, n'kukathera pa nyenyezi, mwana wa zaka 7 amasochera nayo pofika mzere wachitatu. Komanso chinthu chokambidwacho chikhale choti ana achiona ndi maso awo pafupi ndi sukulu sabata yomweyo. Pamenepa ndi pamene pagona phindu lonse la mabuku amenewa.

China: ndakatulo isalowe m'malo mwa phunziro la kuwerenga la m'buku la mphunzitsi. Chiyambireni pulogalamu ya boma yophunzitsa kuwerenga ya National Reading Programme mu 2016, malembo ndi maphatikizo timawaphunzitsa motsatira ndondomeko yake, kuyambira osavuta. Mlakatuli salemba poganizira ndondomeko imeneyo. Adzalemba "nkhwazi" kapena "mphambe" pamene mwana wangophunzira kumene "ma, me, mi". Choncho ndakatulo ikhale ya khutu ndi pakamwa: kumva maphatikizo, kudziwa mawu atsopano, kumvetsa, kulankhula. Mukamuumiriza mwana kuwerenga payekha mawu omwe sanawafike, amayamba kuganiza kuti kuwerenga sakutha.

Wokonza zipangizo zophunzitsira kuchokera ku zinthu zopezeka pafupi (TALULAR), Machinga

Buku laling'ono silioneka kupitirira mizere iwiri kapena itatu ya kutsogolo, ndiye likulitseni. Tengani mapepala akuluakulu a tchati, aja a masentimita 59 m'lifupi ndi 84 m'litali. Akasowa, pepala la m'kati la thumba la simenti limagwira ntchito mukalikuntha bwino n'kuliwongola pansi pa matabwa usiku umodzi. Pepala limodzi likhale la mawu, lina la chithunzi. Musalembe mawu pamwamba pa chithunzi, chifukwa malembo akuda pa mtundu wobiriwira kapena wofiirira samaoneka patali.

Malembo aafupi monga a, e, o akhale otalika masentimita 4 kapena 5, aatali monga l, k, d afike 8. Pa kukula kotere pepala logoneka limalowa malembo 18 mpaka 20 pa mzere ndi mizere 4 kapena 5. Mzere wa ndakatulo ukatalika, lumikizani mapepala awiri, musaudule pakati, chifukwa ana amapumira pomwe mzere wathera ndipo kamvekedwe kamawonongeka. Yambani mwajambula mizere ndi pensulo, kenaka lembani ndi pentopeni yakuda kapena ya buluu wodera. Yofiira ndi yachikasu imazimirira msanga. Yalani nyuzipepala pansi polemba, inki imadutsa.

Samalani kalembedwe ka a ndi g. Mabuku ambiri akunja amasindikiza a wokhala ndi kadenga pamwamba ndi g wa mimba ziwiri, pomwe ana athu akuphunzira a wozungulira wa kandodo. Lembani mmene mumalembera pa bolodi.

Chithunzi musavutike kukopera chonse. Jambulani chinthu chimodzi chachikulu, chodzaza theka la pepala, m'mphepete mwake mudetse kwambiri ndi makala kapena pentopeni. Mitundu ipezeka pa katondo wosungunula, njerwa yopera ndi masamba osinja. Pomata, supuni 2 za ufa wa chinangwa m'kapu imodzi ya madzi, wiritsani uku mukutakasa mpaka ziyambe kunanda. Vuto lake n'lakuti mphemvu ndi chiswe zimaukonda, choncho bukulo lizipachikidwa, lisagone pansi kapena kutsamira khoma. Boolani mabowo 3 kumtunda, matani selotepi mbali zonse za bowo lililonse kuti pasang'ambike, mangirirani pa nsungwi, n'kukoleka pa misomali iwiri. Likhale m'munsi ndithu, poti ana akhala pansi. Mukamaliza, kakhaleni pansi ku mzere womaliza muone ngati mukuwerenga osatsinzinira.

Aphunzitsi a Sitandade 1, Lilongwe

Ndakatulo imodzi itenge sabata yonse, koma tsiku loyamba lokha ndilo lofuna mphindi 30 zathunthu. Mphindi 5 zoyamba ndi za chithunzi, mawu mutawaphimba ndi nsalu. Funsani mafunso atatu: mukuona chiyani, chikuchita chiyani, munachionapo kuti. Pewani funso loti "Mwamuona chule?" chifukwa kalasi yonse iyankha "Eee!" ngakhale amene akuyang'ana kunja. Kenaka lakatulani kawiri inu nokha, koyamba osaimaima, kachiwiri mukuloza mawu ndi kandodo kuchokera kumanzere kupita kumanja. Kandodoko kaziyenda pansi pa mawu, osati pamwamba pake, ndipo inu muime pambali. Zimenezi ndi mphindi 5. Mphindi 8 zotsatira ana abwereze mzere ndi mzere pambuyo panu, ndi manja ndi thupi lomwe. Mawu atsopano asapose 3, ndipo lililonse lifotokozedwe ndi chinthu chenicheni kapena chochita. Mphindi 7 akambirane awiriawiri funso limodzi, zotsalazo ajambule.

Lachiwiri mphindi 10 zowomba m'manja maphatikizo. Lachitatu kutuluka kukaona chinthucho. Lachinayi kulakatula mopokezana, mbali iyi mzere woyamba, mbali iyo wachiwiri. Lachisanu kalasi ipeke mzere wakewake umodzi kapena iwiri, inu n'kulemba m'munsi mwa ndakatulo.

Timabuku 6 tija musatitsekere m'kabati. Pamene ena akujambula, gulu limodzi la ana 18, atatuatatu pa buku, lione zithunzi zenizenizo pafupi. Mawa gulu lina. Pa masiku 6 pafupifupi onse agwirako. Aphunzitseni kaye kutsegula tsamba kuchokera pa ngodya ya kumtunda, m'manja mouma, osanyambita chala.

Aphunzitsi a Sitandade 3, Mzimba

Amayi a ku Lilongwe, pa zoyamba ndi chithunzi ine ndikuona mosiyana pang'ono. Mukaonetsa chithunzi poyamba, ana 110 adzajambula chule mmodzimodzi yemweyo wa m'buku, wobiriwira, atakhala pa tsamba. Lakatulani kaye buku lili chotseka, ana atsinzine, amve, ajambule zomwe aona m'mutu mwawo, chithunzi chibwere pambuyo kuti afananize. Apo ndi pomwe mumadziwa amene wamvetsa.

Alangizi a pa zoni, Dowa

Nonse muli ndi mfundo, chosiyanitsa ndi chinthu chokambidwacho. Ngati ana amachidziwa kale, monga chule, mvula, nkhuku kapena mango, njira ya abambo a ku Mzimba ndiyo yabwino. Ngati sanachionepo, monga nkhwazi kwa mwana wa kumtunda kutali ndi nyanja, kapena mkungudza wa pa phiri la Mulanje kwa mwana wa ku Nsanje, m'mutu mwake mulibe choti ajambule, ndiye chithunzi chitsogole. Kumene ana amalankhula Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena Chilomwe kunyumba, chithunzi chitsogolenso, ndipo afunseni dzina la chinthucho m'chiyankhulo chawo musanawapatse la Chichewa.

Aphunzitsi a Chichewa ku koleji ya aphunzitsi

Ndiyankhepo za kumasulira. Musamasulire mzere ndi mzere. Ndakatulo za ana za Chingerezi zimakoma chifukwa cha kufanana kwa mamvekedwe kumapeto kwa mizere, ndipo mukazitembenuza zimenezo zimagwa, n'kutsala ziganizo zazitali zosalakatulika. M'Chichewa mawu amathera pa lembo la liwu ndipo amakokedwa pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, choncho kufanana kwa kumapeto kumabwera kokha, sikudabwitsa khutu. Chimene chimagwira mwana wathu ndi kubwereza, kuyitana ndi kuvomera monga m'nyimbo za m'nthano, ndiponso mivekero. Tengani chithunzi cha m'buku lakunjalo ngati chikuyenera, koma mawu mupeke atsopano pamodzi ndi ana. Pa chithunzi cha mvula zingatuluke zotere:

Mitambo yada bii,
Mvula yagwa waa,
Chule m'thamanda chubwi,
Ngumbi pachulu balala,
Udzu pabwalo biriwiri.

Mphunzitsi anene chiyambi cha mzere, ana amalize ndi mvekero uku akuchita ndi manja. Mwana amene sayankhula m'kalasi nthawi zambiri amayambira pa "chubwi" ameneyu.

Powomba maphatikizo pali pamene ambiri timaphonya. Chu-le n'kuwomba 2, gu-lu-gu-fe 4, bo-ngo-lo-lo 4, apa palibe vuto. Koma mtengo, mlambe ndi msangu n'kuwomba 3, chifukwa m woyambayo amaima payekha: m-te-ngo, m-la-mbe, m-sa-ngu. Pomwe mvula, mbewa ndi mphepo n'kuwomba 2. Chizindikiro chake n'chakuti mawu amene pochulukitsa amayamba ndi mi-, monga mitengo ndi milambe, ndiwo ali ndi m woima payekha. Yesani nokha mawu onse musanapite kwa ana.

Aphunzitsi a sayansi ndi ulimi, Salima

Ine nkhawa yanga ili pa zoona za m'zithunzi, chifukwa mwana amakhulupirira buku kuposa maso ake. Mabuku a ku Ulaya ndi ku America amakamba za nyengo zinayi zakwawo: chipale chofewa mu December, maluwa mu April, masamba kuyoyoka mu October. Kuno December ndi dzinja, kubzala ndi kupalira, ndipo kuzizira kumabwera mu June ndi July. Mukawerenga masamba amenewo osafotokoza, mwana amasokoneza miyezi. Awasungireni a Sitandade 4 kupita m'tsogolo, pamene angathe kufananiza kuno ndi kwina.

Werengani miyendo pa chithunzi: nyerere, njuchi, chiwala ndi gulugufe 6, kangaude 8. Ojambula ena amaika 4. Onaninso kukula, poti nyerere ndi njovu zimatha kudzaza tsamba mofanana, ndiye mufunse ana kuti chenicheni n'chachikulu bwanji, aonetse ndi manja. Mwezi watsopano m'mabuku a kumpoto kwa dziko lapansi kawirikawiri umajambulidwa choimirira, pomwe kuno umaoneka chogona, nyanga zitaloza m'mwamba. Auzeni ana akauone madzulo kwawo, mawa adzajambule.

Koma musataye buku lakunja musanalione bwino. Namzeze wa kukhosi kofiirira ndi mchira wa mphanda amene amajambulidwa m'mabuku a ku Ulaya ndi yemweyo amene amafika kuno cha mu October n'kubwerera cha mu April. Amaswera kumeneko, dzinja lathu amadzalidyera kuno. Ana amamuona pa mawaya a magetsi.

Kayendedwe ka chaka cha sukulu kamatithandiza. Teremu yoyamba, September mpaka December: kutentha, kulira kwa nyenje, masuku ndi mango, mlambe kuphuka masamba ndi maluwa oyera amene amatseguka madzulo n'kuyenderedwa ndi mileme, kenaka mvula yoyamba ndi ngumbi. Teremu yachiwiri: achule, abongololo, nkhono, ziphaniphani, utawaleza, komanso kubzala mitengo, poti nyengo yake imayambira pa 15 December kufika pa 15 April. Ngati pali msangu pafupi, musaulumphe. Mitengo ina ikamabiriwira m'dzinja, iwo umayoyola masamba, n'kudzaphuka m'chilimwe, n'chifukwa chake chimanga chimakula bwino pansi pake. Mtengo umodzi umenewu ungabale ndakatulo ziwiri, ina mu January ina mu July, ana n'kufananiza zojambula zawo.

Mlezi wa ku sukulu ya mkombaphala, Chiradzulu

Kwa ife a ana a zaka 3 mpaka 5, dulani zonsezi pakati. Mizere 2 mpaka 4, mphindi zosaposa 10, ana 10 kapena 15 atakhala mozungulira pa mkeka. Pa gulu lotere buku laling'ono limakwana. Ligwireni pafupi ndi phewa, zithunzi zitaloza kwa ana, ndakatuloyo mukhale mutailoweza kuti musamatembenuze buku. Liyendetseni pang'onopang'ono kuchokera mbali ina kufika ina, mukuwerenga chamumtima mpaka 10. Kuwala kuchokere kumbuyo kwa ana. Mukaima pa zenera amangoona mdima, ndipo mapepala onyezimira amathobwa m'maso.

Khalani ndi lichero la zinthu zogwira: nthenga, chikamba cha nkhono chopanda kanthu, dambe, khungwa, masamba ouma ndi aawisi. Musaikemo njere zazing'ono ngati nyemba kapena chimanga, ana a msinkhu uwu amazilowetsa m'mphuno ndi m'khutu.

Aphunzitsi a Sitandade 2, Ntcheu

Zikomo nonse, ndikulemba. Funso lina: mu limodzi mwa mabuku a Chichewawo muli ndakatulo ya kadzidzi, chithunzi chake chachikulu, maso ali tong'o. Ndiiwerenge kapena ndiidumphe? Komanso ana 110 kutuluka nawo panja, zitheka bwanji osabalalika?

Alangizi a pa zoni, Dowa

Musaidumphe, koma isakhale yoyamba. Ibwere ana atazolowera kale za njiwa, mpheta ndi namzeze. Mwana akanena kuti kadzidzi ndi wa afiti kapena amalosera maliro, musamuseke ndipo musanene kuti makolo ake ndi abodza. Vomerani kuti anthu ambiri amamuopa chifukwa amayenda ndi kulira usiku, kenaka onjezani zomwe zimaoneka: amadya makoswe ndi mbewa zimene zimaononga chimanga m'nkhokwe, amamva patali, nthenga zake n'zofewa moti amauluka mwakachetechete. Chimodzimodzi ndi nanzikambe, amene ana amakonda kumugenda. Ngati pali mwana amene wachita mantha kwambiri, musamuumirize kuyang'ana kapena kujambula.

Aphunzitsi a sayansi ndi ulimi, Salima

Za kutuluka: kayendereni malowo inu nokha m'mawa wa tsikulo. Chofuna kuona chikhale chimodzi, mtunda wosaposa kuyenda mphindi 3. Gawani ana m'magulu 10 a ana 11, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake, ndipo pemphani mphunzitsi mnzanu kapena mayi wa mother group akuthandizeni. Lembani mzere pansi ndi phulusa kapena ndodo pomwe ana aime. Awerengeni potuluka ndi pobwerera. Lamulo likhale limodzi: timaona ndi maso, timagwira chimene aphunzitsi agwira. Zoyenera kuyang'anira ndi chitedze, utomoni wa nkhadze umene umapweteka maso, njere za nsatsi, bowa aliyense, chiyabwe, linthumbu, ndiponso miyala ndi zipika zimene pansi pake pamabisala zinkhanira. Kukamveka bingu musatuluke, ndipo musausire pansi pa mtengo.

Pa ndakatulo ya chule, ana asalowe m'thamanda kapena m'dambo chifukwa cha likodzo. Tungani nokha ndi kapu yomangirira ku ndodo. Dulani botolo la malita 5 kumtunda, thirani madzi a m'thamanda momwemo, osati a pa mpopi kapena othira mankhwala, chifukwa klorini imapha mbululu. Mbululu 5 kapena 6 n'zokwanira, zikachuluka zimafa. Ikani pa mthunzi, phimbani ndi kansalu ka mabowo kuti udzudzu usaikiremo mazira, perekani kachidutswa ka tsamba la mpiru lowiritsa kakang'ono ngati chikhadabo, chotsala muchotse mawa lake. Sinthani theka la madzi pakapita masiku 3. Miyendo ya kumbuyo ndiyo imayamba kutuluka, ya kutsogolo pambuyo, mchira n'kumafupika. Ya kutsogolo ikangotuluka ikani mwala wotulukira pamwamba pa madzi, apo ayi tiachuleto timira. Kenaka kazibwezeni komwe munazitenga.

Aphunzitsi a ana a zosowa zapadera, Blantyre

Ndiwonjezepo za ana amene amaiwalika. Mwana wovutika kuona, kuphatikizapo ambiri mwa ana achialubino, akhale kutsogolo, kumbali yopanda kunyezimira, ndipo mumpatse limodzi mwa timabuku tija kuti aliyandikize kumaso mmene akufunira. Potuluka, wachialubino avale chipewa cha khonde ndi malaya a manja aatali, aime pa mthunzi, ndipo ulendowo ukhale wa m'mawa dzuwa lisanakwere. Kwa wosaona, matani chingwe m'mphepete mwa chithunzi ndi mchenga kapena nthenga m'kati kuti apapase. Wovutika kumva amawerenga milomo yanu, choncho musalakatule mutayang'ana ku bolodi kapena buku litaphimba pakamwa. Chizindikiro cha manja cha mzere uliwonse chisasinthe kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu.

Woyang'anira laibulale, Zomba

Kwa ofuna kuonjezera mabuku: African Storybook ndi Bloom Library pa intaneti ali ndi timabuku ta zithunzi ta Chichewa, ndipo ambiri ali ndi chilolezo cha Creative Commons, chimene chimalola kusindikiza ndi kugawa bola mutchule wolemba ndi wojambula. Werengani chilolezo cha buku lililonse, sizifanana. Buku logula m'sitolo silili choncho, kulijambula lonse pa fotokope popanda chilolezo n'kuphwanya lamulo la umwini wa zolemba, limene bungwe la Copyright Society of Malawi (COSOMA) limayang'anira. Onaninso kalembedwe: mabuku ena olembedwa kuti Nyanja ndi a ku Zambia, kumene amalemba c pomwe ife timalemba ch, monga cule ndi cisanu. Konzani pokopera pa pepala lalikulu. Funsaninso ku nthambi ya National Library Service imene muli nayo pafupi.

Posunga, kutirani chikuto ndi pulasitiki, matani selotepi pa msana buku likadali latsopano, ikani m'ndowa ya chivindikiro pamwamba pa tebulo. M'dzinja muziwatulutsa kamodzi pa sabata apitidwe mphepo pa mthunzi, chifukwa chinyezi chimamatanitsa mapepala onyezimira ndipo mukawakanula chithunzi chimasupuka.

Aphunzitsi a Sitandade 1, Lilongwe

Chenjezo limodzi. Pofika Lachinayi kalasi yonse imalakatula bwino, ndipo n'kosavuta kuganiza kuti ana akuwerenga pomwe angoloweza. Kuloweza n'kwabwino, koma n'kosiyana. Kuti musiyanitse, lembani mizere pa timapepala tautali, sakanizani, gulu liisanje. Kapena lozani mawu amodzi pakati pa mzere, osayambira kumayambiriro, koma akhale mawu a maphatikizo omwe anaphunzira kale. Tsiku lililonse yesani ana 5 okha, muzilemba m'kope. Pa mwezi mukhala mutayesa pafupifupi kalasi yonse.

Aphunzitsi a Sitandade 3, Mzimba

Abambo a ku Salima, mwatchula materemu awiri. Nanga yachitatu, kunja kutauma?

Aphunzitsi a sayansi ndi ulimi, Salima

Muli zambiri. Kumayambiriro kwake ndi masika: kukolola, mpheta m'minda ya mpunga ndi mapira, mame pa ukonde wa kangaude m'mawa, ndiye pabwino powerenga miyendo 8 ija. Mu June ndi July kuzizira, chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje, mwera wa pa nyanja, kamvuluvulu pa bwalo la sukulu. Ndakatulo ya mphepo ndiyo yosavuta kuyesera: mangani kansalu pa nsungwi pakhomo pa kalasi, ana azinena m'mawa uliwonse komwe kaloza. Ndi nthawinso yotola masamba oyoyoka, kuwapanikiza pakati pa nyuzipepala pansi pa njerwa kwa sabata imodzi, n'kuwamata m'buku lalikulu la kalasi, dzina la mtengo m'munsi mwake.

Ngati m'bukumo muli ndakatulo ya moto wa kutchire, samalani kakambidwe kake. Ana ambiri abale awo amatentha tchire posaka mbewa kapena pososa m'minda. Funsani chimene chimachitikira zisa, timitengo tating'ono ndi udzu wofolera moto ukadutsa, osati kuti amayatsa ndani.